Kuphunzitsa za Nyengo m'Chinyanja: Kutentha, Mphezi ndi Mphepo ya Mwera

Chiyambi

Tsiku lina m'mwezi wa Novembala ndinapita kukaonerera mphunzitsi wina amene anali kuyeserera ntchito pasukulu ya kumudzi m'dera la Angónia. Zipinda zinali zochepa, motero kalasi yake inali pansi pa mtengo waukulu wa mango. Mutu wa phunziro unali nyengo za pachaka. Pabolodi anali atalembapo mawu anayi: Primavera, Verão, Outono, Inverno. Ana anali kuwabwereza mokweza ndiponso mosaphonya.

Akubwereza choncho, mitambo yakuda inali kuunjikana kumadzulo. Bingu litagunda ana onse anacheuka, ndipo mtsikana wina anati, "Aphunzitsi, ikubwerayi ndi ya mphezi." Mphunzitsiyo anamuuza kuti ayang'ane pabolodi. Madontho atayamba kugwa, ana anathamangira patsinde la mtengowo n'kupanikizana pamenepo. Ndinamunong'oneza kuti tiwachotse msanga, ndipo tinawalowetsa m'chipinda cha njerwa mmene munali kale kalasi ina. Palibe anavulala tsikulo, koma nkhaniyi siinandichoke mumtima.

Mphunzitsi ameneyu sanali waulesi. Anali kuphunzitsa monga momwe iye anaphunzitsidwira: nyengo za m'buku, za dziko lina, m'mawu amene ana sanali kuwamva, pamene nyengo yeniyeni inali pamutu pawo. Phunziro lino likufuna kukuthandizani inu, aphunzitsi, kuti musabwereze zimenezi.

Zolinga

Pomaliza phunziroli muyenera kutha:
1. kusonkhanitsa ndi kusanja mawu a Chinyanja onena za nyengo amene ana amawadziwa kale;
2. kufotokoza m'Chinyanja chifukwa chake kumatentha mvula isanayambe, mmene mvula ya mabingu imapangikira, ndi chimene chimatchedwa frente fria;
3. kulumikiza mawu a Chinyanja ndi a Chipwitikizi popanda kusokoneza matanthauzo;
4. kuteteza ana pa nthawi ya kutentha kwambiri ndi ya mphezi.

1. Chuma chimene mwana amabwera nacho

Chinyanja chinali chimodzi mwa ziyankhulo ziwiri zimene zinayesedwa m'sukulu za dziko lathu pa ntchito ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997. Chinayesedwa ku Tete, pamene Chichangana chinayesedwa ku Gaza. Kuyambira 2003 maphunziro a ziyankhulo ziwiri anayamba kukhazikitsidwa m'sukulu za boma. Komabe vuto limodzi silinathe: ambiri timatenga buku la Chipwitikizi n'kulitembenuza liwu ndi liwu, ngati kuti Chinyanja ndi dengu lopanda kanthu loyembekezera kuthiridwamo zinthu. Pa nkhani ya nyengo, dengulo ndi lodzaza kale.

Mwana wa ku Tsangano kapena wa ku Metangula amadziwa kuti chaka chili ndi chilimwe, dzinja, masika ndi chisanu. Amadziwa chizimalupsa, mvula yoyamba imene imagwa tchire litapsa. Amadziwa mvumbi, mvula yosakata ya masiku awiri kapena atatu. Amasiyanitsa mawawa, matalala, nkhungu ndi mame. Mphepo nazo zili ndi mayina: mwera, mpoto, vuma ndi zambwe, ndipo mayina omwewo ndiwo timatchulira mbali zinayi za dziko, kumwera, kumpoto, kuvuma ndi kuzambwe. Mwana wodziwa mayina a mphepo wayamba kale kuphunzira mapu.

Mawu ena amagwirizana bwino ndi a Chipwitikizi. Chiphaliwali, kuwala kong'anima m'mitambo, ndicho relâmpago. Bingu, phokoso lotsatira kuwalako, ndilo trovão. Mphezi, imene kwina amati mphenzi, moto umene umatsika n'kugwera pansi, ndiyo raio. Zonsezi zikabwera pamodzi ndi mvula timati mvula ya mabingu, trovoada. Popeza madera amasiyana kagwiritsidwe ntchito ka mawuwa, yambani mwafunsa ana mmene kwawo amanenera, kenaka mugwirizane nawo pa tanthauzo limodzi la m'kalasi.

Koma mawu ena ndi msampha. Anthu ena amamasulira dzinja kuti inverno. Ku Portugal mvula yambiri imagwa pa nthawi yozizira, motero kumeneko mvula ndi kuzizira zimayendera limodzi. Kwathu kuno mvula imagwa pa nthawi yotentha. Verão yathu, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, imatenga mapeto a chilimwe ndi dzinja lonse, ndipo inverno yathu ndi chisanu cha mu Juni ndi Julayi. Mwana amene wauzidwa kuti dzinja ndi inverno adzalemba pa mayeso kuti chimanga timabzala pa nthawi yozizira. Cholakwacho sichikhala cha mwanayo.

2. N'chifukwa chiyani kumatentha mvula isanayambe?

Dziko lapansi limazungulira dzuwa litapendekeka pafupifupi madigiri 23 ndi theka. Chifukwa cha kupendekekaku, malo amene dzuwa limalunjika paliwombo masana amasuntha chaka chonse, kupita kumpoto kenaka kubwerera kumwera. Mzinda wa Tete uli pa madigiri 16 kumwera kwa mzere wa ekweta, ndipo dzuwa limadutsa paliwombo pake kawiri pachaka: kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Ana angadzionere okha. Zikani ndodo yowongoka pabwalo, ndipo kamodzi pamlungu muziyeza mthunzi wake dzuwa lili pakati. Masiku amenewo akamayandikira, mthunzi umafupika mpaka kutsala pang'ono kuzimirira.

Mwana wochenjera adzafunsa kuti: ngati dzuwa lili paliwombo mu Novembala ndi mu Febuluwale momwe, bwanji Novembala amatentha kuposa Febuluwale? Yankho lili m'nthaka ndi m'mitambo. Dzuwa silitenthetsa mpweya mwachindunji kwenikweni. Limayamba latenthetsa nthaka, ndipo nthakayo ndiyo imatenthetsa mpweya umene uli pamwamba pake, monga mmene chiwaya chimatenthetsera chimanga chokazinga. Mu Okutobala ndi Novembala kumwamba kulibe mitambo yotchinga, udzu wapsa, nthaka ndi youma, motero mphamvu yonse ya dzuwa imathera pa kutenthetsa nthakayo. Mu Febuluwale mitambo imatchinga, zomera zimaphimba nthaka, ndipo mphamvu yambiri imathera pa kuumitsa madzi.

Palinso nkhani ya kukwera kwa malo. Munthu akamakwera, mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6 ndi theka pa kilomita iliyonse. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pafupifupi mamita 150 pamwamba pa nyanja yaikulu, ndipo m'miyezi imeneyi kutentha kumapitirira madigiri 40 kawirikawiri. Ulónguè uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,300. Perekani manambalawa kwa ana a makalasi apamwamba kuti awerengere okha kusiyana kwake. Adzapeza madigiri 7 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo adzamvetsa chifukwa chake wochokera ku Angónia akatsikira ku Tete amavula juzi panjira.

3. Mmene mvula ya mabingu imapangikira

Kutentha pakokha sikubweretsa mvula. Pamafunikanso chinyezi, ndiye kuti nthunzi ya madzi imene ili mumpweya ngakhale sitiiona. Kumayambiriro kwa Okutobala kumatentha koma mpweya umakhala wouma. Dzinja likamayandikira, mphepo zochokera kumpoto zimabweretsa mpweya wachinyezi kuchokera ku nkhalango za Congo ndi ku nyanja ya India. Mphepozi zimakumana ndi zina zochokera kumwera chakuvuma, ndipo malo okumaniranawo m'mabuku amatchedwa Zona de Convergência Intertropical. M'Chinyanja tinganene kuti ndi lamba wa mvula, chifukwa amayala m'litali ngati lamba ndipo amasuntha motsatira dzuwa.

Pamenepo ndi pamene timamva chitungu, kutentha kwa thukuta losauma, ndipo akuluakulu amati mvula ili pafupi. Amanena zoona. Mpweya wotentha ndi wopepuka, motero umakwera. Ukamakwera umazizira, ndipo nthunzi imene uli nayo imasanduka timadontho ta madzi. Timadontho tambirimbiri ndito timapanga mtambo. Kuti ana aone zimenezi, wiritsani madzi mumphika n'kugwira chivundikiro chozizira pamwamba pa nthunzi: pansi pa chivundikirocho padzachita madontho. Ana ambiri anaziona kale kunyumba pophika. Ntchito yanu ndi kuwasonyeza kuti zochitika pamafuwa n'zomwezo zimene zimachitika kumwamba.

Mpweya ukakwera mwamphamvu, mtambo umakula ngati phiri mpaka kupitirira makilomita 12 kutalika, pamwamba pake n'kuyala ngati denga. Umenewu ndiwo mtambo wa mabingu, cumulonimbo. Pamwamba pake pamazizira kwambiri moti madzi amauma n'kukhala timatalala. Timatalalato timakwera ndi kutsika, kugundana ndi kukhulana, ndipo kukhulanako kumabala mphamvu ya magetsi. Mwana akakhuliza bolopeni ya pulasitiki kutsitsi louma n'kuiyandikiza ku tizidutswa ta pepala, timadumphira pa bolopeniyo. Mphamvuyo ndi ya mtundu womwewo, kungoti ya mumtambo ndi yaikulu kosayerekezeka. Ikachuluka imadumpha, mwina mkati mwa mtambo momwemo, mwina kuchokera kumtambo kufika pansi.

Njira imene mphezi yadutsa imatentha mpaka pafupifupi madigiri 30,000. Mpweya wa m'njirayo umafutukuka mwadzidzidzi, ndipo kuphulika kwake ndiko bingu. Choncho chiphaliwali ndi bingu zimabadwa nthawi imodzi. Timayamba kuona kuwala chifukwa kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, pamene phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi, kapena kuti kilomita imodzi pa masekondi atatu. Mvula ya mtundu umenewu imakonda masana ndi madzulo chifukwa ndi pamene nthaka yatentha mokwanira. Kamphepo kozizira kamene kamatsogolera mvula, kouluza fumbi ndi masamba, ndi mpweya wotsika kuchokera mumtambo womwewo. Kakafika, mtambo wayandikira.

4. Frente fria ndi mphepo ya mwera

Bungwe loona za nyengo la INAM likamapereka chenjezo pawailesi, timamva mawu monga calor intenso, trovoadas, ventos fortes ndi frente fria. Atatu oyambawo savuta kuwamasulira. Lomalizali limafuna kulimvetsa kaye.

Kumwera kwenikweni kwa Africa, panyanja zoyandikira ku Antarctica, kuli mpweya wozizira kwambiri. Nthawi ndi nthawi chigawo chachikulu cha mpweyawu chimasunthira kumpoto chakuvuma. Chimafika ku Cape Town, n'kutsata gombe kudzera ku Durban ndi Maputo, kenaka n'kulowa m'nyanja imene ili pakati pa dziko lathu ndi Madagascar. Mpweya wozizira ndi wotentha susakanikirana msanga. Pamene yakumana pamakhala malire, ndipo malire amenewo, akamayenda mokankhidwa ndi mpweya wozizira, ndiwo frente fria. Tinganene kuti malire a mpweya wozizira. Ngati ana kapena makolo a kwanuko apeza mawu ena omveka bwino, alandireni, malinga ngati tanthauzo la malire oyenda likusungika.

Anthu a ku Maputo amadziwa bwino dongosolo lake. Malirewo asanafike kumawomba mphepo yotentha yochokera kumpoto, ndipo kutentha kumatha kufika madigiri 40. Akafika, mphepo imatembenuka mwadzidzidzi n'kuyamba kuchokera kumwera. Mpweya wozizira ndi wolemera, motero umalowa pansi pa wotentha monga khasu limalowera pansi pa dothi, n'kuunyamulira m'mwamba. Ngati wotenthawo uli ndi chinyezi, pamabuka mitambo ya mabingu. Malirewo akadutsa kumazizira, ndipo m'madera ambiri akumtunda kumwamba kumayera, chifukwa mpweya wozizira sunyamula nthunzi yambiri ngati wotentha.

Kuti ana aone kuti chozizira chimalowa pansi pa chotentha, thirani madzi ofunda m'botolo loonekera mkati, kenaka muthiremo pang'onopang'ono, cha m'mbali, madzi ozizira amene mwawapatsa mtundu ndi inki. Madzi amtunduwo adzatsikira pansi.

Kuno ku Tete ndi ku Niassa malirewo safika ndi mphamvu ngati ku Maputo, koma mpweya umene umawatsatira umatifika ngati mphepo ya mwera. Asodzi a pa nyanja ya Niassa, ku Metangula, ku Meponda ndi ku Cóbuè, amaidziwa: imawomba kwambiri kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, imautsa mafunde, ndipo wanzeru amakokera bwato kumtunda. Mphepo yomweyo ikagunda mapiri oyang'ana kunyanja yaikulu, monga a ku Milange, imakwera n'kusiya nkhungu ndi mawawa. Nyengo imeneyi imatchedwa chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone ku Zambézia. Ikadutsa mapiriwo imakhala itataya chinyezi chake, motero kuchigwa imafika youma: milomo imasweka, zovala zimauma msanga, usiku kumazizira. Nthawi zina mpweya wakumwerawu umabwera m'kati mwa dzinja n'kukankhira lamba wa mvula kumpoto, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa za ng'amba imene imafotetsa chimanga. Mphepo ndi imodzi, koma zipatso zake zimasiyana malinga ndi malo. Musaphunzitse za dera lina ngati kuti n'za kwanu.

5. Chidziwitso choteteza moyo

Pa masiku otentha kwambiri, onetsetsani kuti ana ali ndi madzi akumwa, ndipo masewera olimbitsa thupi achitike m'mamawa. Mwana wodandaula mutu, chizungulire kapena mseru muikeni pamthunzi, mumupatse madzi ndi kumunyowetsa thupi. Akasokonezeka mutu kapena kukomoka, mutengereni kuchipatala mosachedwa.

Pa nkhani ya mphezi, phunzitsani malamulo awa m'Chinyanja mpaka mwana aliyense atawadziwa pamtima:

1. Mukaona chiphaliwali, werengani masekondi mpaka bingu limveke, kenaka mugawe ndi 3 kuti mupeze makilomita. Masekondi akakhala 30 kapena kucheperapo, mphezi ili mkati mwa makilomita 10 ndipo ingathe kukufikani.
2. Malo abwino obisalapo ndi nyumba yolimba yotsekeka kapena m'galimoto ya denga lachitsulo. Chisakasa, khonde ndi msasa wa kumunda siziteteza.
3. Musabisale pansi pa mtengo, makamaka wautali umene uli paokha. Tsikani pachulu ndi paphiri, tulukani m'madzi, chokani pabwalo la mpira, ndipo talikiranani ndi mipanda ya waya.
4. Ngati palibe pobisala, musaunjikane pamodzi ndipo musagone pansi, pakuti magetsi a mphezi amayenda ndi nthaka. Pitirizani kupita kumalo otetezeka.
5. Dikirani mphindi 30 bingu lomaliza litamveka musanatuluke.
6. Munthu womenyedwa ndi mphezi sasunga magetsi m'thupi. Mugwireni, muthandizeni kupuma, ndipo mutengereni kuchipatala.

Ngati kalasi yanu ili pansi pa mtengo, gwirizanani ndi akulu a sukulu dzinja lisanayambe za chipinda chimene ana adzathawiremo. Musadikire bingu kuti muyambe kuganiza.

6. Pamene mwana wanena kuti mphezi imatumizidwa

Funso limeneli lidzabwera ndithu. M'midzi yambiri anthu amakhulupirira kuti munthu angathe kutumizira mnzake mphezi, ndipo ikapha munthu kapena kutentha nyumba, amene amalozedwa chala kawirikawiri ndi okalamba. Musamuseke mwanayo, ndipo musanyoze makolo ake pamaso pa anzake. Mukatero adzatseka pakamwa, ndipo chikhulupirirocho adzapita nacho kunyumba chili chonse. Koma musachitenso ngati mwavomereza. Mufunseni kuti: inagwa pati? M'mwezi uti? Nthawi yanji? Kumwamba kunali kotani? Lembani mayankho a ana onse pabolodi. Iwo eni adzaona kuti nkhani zambiri zikunena za dzinja, za masana kapena madzulo, za mitengo italiitali ndi malo okwera. Mwana amene waona yekha dongosolo limeneli sadzafulumira kuloza agogo chala, ndiponso sadzaima pansi pa mtengo poganiza kuti alibe naye mlandu munthu aliyense.

7. Chitsanzo cha phunziro la mphindi 45

Mphindi 5: Tulukani panja. Ana afotokoze mitambo, mphepo ndi kutentha kwa tsikulo m'mawu awoawo.
Mphindi 10: M'magulu, alembe mawu onse a nyengo amene akuwadziwa, n'kuwasanja m'magawo a mvula, mphepo, mitambo ndi nyengo za pachaka.
Mphindi 15: Chitani chionetsero chimodzi, cha mphika kapena cha botolo. Ana ayambe alosera zimene zichitike, kenaka afotokoze zimene aona.
Mphindi 10: Perekani mawu a Chipwitikizi osapitirira asanu, lililonse pambali pa la Chinyanja. Tanthauzo litsogole, dzina latsopano litsatire.
Mphindi 5: Yeserani kuwerenga masekondi. Kwezani nsalu ngati chiphaliwali, kenaka muombe ng'oma ngati bingu, ana anene makilomita.

Ntchito ya kunyumba: mwana aliyense akafunse agogo kapena munthu wina wamkulu, mwaulemu, zizindikiro zitatu zosonyeza kuti mvula yayandikira. Mawa lake mudzakambirane kuti ndi ziti zimene mungazifotokoze ndi zimene mwaphunzira, ndi ziti zimene mungaziyese polemba nyengo ya tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu.

Mafunso okambirana

1. Mwana walemba kuti, "O inverno é dzinja." Mungamuwongolere bwanji popanda kumuchititsa manyazi?
2. Bingu lamveka patadutsa masekondi 12 chiphaliwali chitang'anima. Mphezi ili patali bwanji, ndipo kalasi yanu ichite chiyani?
3. Masulirani m'Chinyanja chenjezo limodzi la nyengo limene mwalimva pawailesi, m'njira yoti mayi wosadziwa Chipwitikizi alimve.
4. Kwanuko mphepo ya mwera imabweretsa mawawa kapena kuuma? Fotokozani chifukwa chake poyang'ana mapiri ndi zigwa za dera lanu.

Mawu otsiriza

Mtsikana uja wa pansi pa mtengo wa mango anawerenga mitambo molondola ndipo ananena zoona m'chiyankhulo chake. Chimene ankasowa ndi mphunzitsi womufunsa kuti, "Wadziwa bwanji?" Funso limenelo likanatsegula phunziro lonse limene tafotokozali, kuyambira pa kutentha kwa m'mawa umenewo mpaka pa chifukwa chochokera patsinde la mtengo. Dzinja likubwerali, mwana wina adzakwezanso dzanja n'kunena zimene waona kumwamba. Ikani choko pansi, mumufunse.